Mawindo a nyumba kumalo otentha: mafunso ndi mayankho pa malamulo a ku South Africa

Abale athu ali ku Joni si onse amene akuchita lendi. Ena agula nyumba, ena akuwonjezera zipinda kuseri, ndipo ambiri zedi ndi amisiri: omanga, owotcherera, oika magalasi. Mafunso ali m'munsimu ndi amene amabwerabwera nkhani ikafika pa mawindo, makamaka kwa okhala kotentha monga Durban, Richards Bay, Musina ndi Phalaborwa. Malamulo otchulidwa muno ndi a ku South Africa, koma amene akumanga ku Nsanje, Mangochi kapena Tete atolapo zake, chifukwa dzuwa lake ndi lomweli.

Nyumba ndi yanga, ndalama ndi zanga. Boma likulowererapo chiyani pa mawindo?

Likulowererapo chifukwa cha magetsi. Nyumba yotentha imafuna fani ndi aircon, yozizira imafuna hita, ndipo zonsezi zimakathera kwa Eskom. Lamulo lalikulu la zomangamanga ku South Africa ndi la 1977, lotchedwa National Building Regulations and Building Standards Act, ndipo ndondomeko zolitsatira zili m'buku la SANS 10400, lomwe lili ndi zigawo zambiri zotchulidwa ndi zilembo. Mu 2011 anawonjezerapo chigawo cha XA, chokamba za kusawononga magetsi m'nyumba, ndipo mu 2021 anachikonzanso. Kuyambira 2011, pulani ya nyumba yatsopano kapena ya chipinda chowonjezera siidutsa kukhonsolo ngati siyikusonyeza kuti denga, makoma, madzi otentha ndi mawindo zikugwirizana ndi chigawochi.

Pa windo limodzi lomwelo pamakumana zigawo zitatu. Cha XA chimayang'ana kutentha, cha N chimayang'ana kuti galasi lisavulaze munthu, cha O chimayang'ana kuwala ndi mpweya. Vuto la anthu ambiri ndi loti amamva za chimodzi chokha, kawirikawiri kuchokera kwa wogulitsa.

Ndamva za 20 peresenti. Imawerengedwa bwanji?

Mumatenga kukula kwa pansi pa nyumba, mkati mwa makoma, n'kuyerekeza ndi kukula kwa malo onse agalasi. Ngati magalasi sakupitirira 20 peresenti ya pansipo, lamulo la 2021 silikuvutitsani pa mtundu wa galasi pa nkhani ya kutentha. M'lamulo la 2011 malire anali 15 peresenti, n'chifukwa chake amisiri ena akale amatchulabe nambala imeneyo. Nyumba ikakhala yosanja, nsanjika iliyonse imawerengedwa payokha.

Nyumba ya masikweya mita 100 ndiye kuti ili ndi masikweya mita 20 ogawa. Zikumveka zambiri, koma zitseko zagalasi zimawerengedwa momwemo. Chitseko chimodzi chokankhira m'mbali, cha mamita 2.4 m'lifupi ndi 2.1 msinkhu, chadya kale masikweya mita 5. Muike ziwiri, pabalaza ndi kuchipinda chachikulu, theka lapita musanafike kukhitchini.

Mukapitirira malire sikuti mwalakwa. Kungoti pamenepo lamulo limayamba kufunsa manambala a galasi ndi felemu, ndipo magalasi akamachuluka manambalawo amanka nathina, mtengo nawo umanka nukwera. Walira mvula walira matope. Palinso njira ina, yoti katswiri wovomerezeka awerengere nyumba yonse n'kusonyeza kuti ngakhale ili ndi magalasi ambiri, siidya magetsi kuposa muyezo. Njira imeneyi imathandiza pa nyumba zikuluzikulu, koma katswiriyo amalipiridwa.

Pa kotesheni alemba U-value ndi SHGC. Zimenezi n'chiyani?

U-value imanena za kutentha kodutsa m'windo chifukwa choti kunja ndi m'kati kwasiyana, monga momwe chogwirira cha poto chimatenthera ngakhale sichili pamoto. Nambala ikachepa, windo likutchinga bwino. Galasi wamba limodzi lili cha pa 5.8. Magalasi awiri okhala ndi mpweya pakati amatsika kufika cha pa 2.8.

SHGC imanena za dzuwa lenileni: pa kutentha konse kwa dzuwa kogunda windo, n'kochuluka bwanji kumene kwalowa m'nyumba. Imayambira pa 0 kulekeza pa 1. Galasi wamba loyera limapitirira 0.8, kutanthauza kuti pafupifupi dzuwa lonse limangolowa ngati kwawo.

Funsani manambala a windo lonse, galasi ndi felemu pamodzi. Ogulitsa ena amakuwonetsani a galasi lokha chifukwa ndi okongola, pamene felemu ya aluminiyamu imawononga zonsezo m'mbali.

Wogulitsa akuti ndigule magalasi awiri ophatikiza. Kodi ndi amene angathetse kutentha?

Apa ndi pamene ndalama za anthu zimatayikira, ndiye tikhalitsepo.

Tiyerekeze windo la mamita 1.5 ndi 1.2, loyang'ana kumadzulo, tsiku lopanda mitambo cha m'ma 3 koloko. Kunja kuli madigiri 34, m'nyumba 26. Kusiyana kwa madigiri 8 kumeneko, pa galasi wamba la masikweya mita 1.8, kumalowetsa kutentha kwa mawati osafika 100. Nanga dzuwa? Nthawi ngati imeneyo lingathe kugunda galasi ndi mawati 600 pa sikweya mita iliyonse, ndipo oposa 800 pa windo lonselo amalowa m'chipinda. Zili ngati mwasiya hotipuleti yoyaka pakati pa chipinda chogona mpaka dzuwa litalowa.

Tsono onani. Magalasi awiri oyera amadula pakati mawati osafika 100 aja, koma pa 800 aja amangochotsapo pang'ono. Mwalipira ndalama zambiri kuthamangitsa mbewa, njovu ili m'munda momwemo. Choipa china n'choti usiku kunja kukazizira, windo lotere limachedwetsa kutentha kutuluka ngati mwatseka.

Magalasi awiri anapangidwira maiko ozizira, kumene kunja ndi m'kati kumasiyana madigiri 20 kapena kuposa kwa miyezi yambiri. Ku Johannesburg, komwe kuli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 ndipo mu Juni ndi Julayi kumagwa chisanu, ali ndi phindu lake. Ku Bloemfontein chimodzimodzi. Ku Durban phindu lake lili pa zinthu ziwiri: ngati aircon imayaka usana ndi usiku, komanso ngati muli pafupi ndi msewu waphokoso. Kupatula apo, ine ndingayambe ndi mthunzi, kenako galasi la SHGC yotsika, magalasi awiri n'kubwera pomaliza ngati ndalama zatsala kapena ngati lamulo lakukakamizani chifukwa cha kuchuluka kwa mawindo.

Ndipo mukawagula, dziwani kuti mphamvu yake ili pa zomatira za m'mphepete. Zikangoboola, chinyezi chimalowa pakati, galasi limachita nkhungu yosapukutika, ndipo mankhwala ake n'kusintha basi. Funsani kuti chitsimikizo chake n'cha zaka zingati, alembe papepala.

Mawindo akuluakulu ayang'ane kuti?

Kumpoto. South Africa ili kummwera kwa dziko lapansi, choncho masana dzuwa limadutsira chakumpoto. Ku Durban, mu Disembala masana limakhala pafupifupi pamutu penipeni, madigiri 83 kuchokera pansi, pamene mu Juni limatsika kufika cha pa 37. Ndiye windo la kumpoto lokhala ndi denga lotuluka pang'ono pamwamba pake limakhala mumthunzi nyengo yotentha, n'kumalandira dzuwa nyengo yozizira. Palibe galasi logula limene lingachite zimenezo.

Kummwera n'kwabwinonso, kuwala kofatsa kopanda ukali. Kummawa n'kopiririka chifukwa dzuwa limafika nyumba ikadali yozizira. Mdani ndi kumadzulo. Dzuwa la madzulo limabwera chopendekera, limalowa pansi pa denga, ndipo limapeza makoma atatentha kale. Kumeneko ikani bafa, chimbudzi, sitolo kapena galaja, ndipo mawindo ake akhale ang'onoang'ono.

Ndinakhalapo m'chipinda cha lendi chimene mwini wake ananyadira kwambiri windo lalikulu loyang'ana kolowera dzuwa. Linali lokongola ndithu. Koma kuyambira Novembala mpaka Malichi ndinkadikira 10 koloko usiku ndili panja, kuti matiresi ayambe azizira.

Puloti yanga ndi yaing'ono, sindingatembenuze nyumba. Nditani ndi windo la kumadzulo?

Litchingeni kunja. Katani imathandiza maso, koma dzuwa likafika pa katani ndiye kuti ladutsa kale galasi, kutenthako kuli m'nyumba. Chotchinga chakunja chimaimitsa dzuwa lisanakhudze galasi: khonde lakuya, matabwa oimika mondondozana, chisakasa cha mbewu zoyanga, kapena mtengo. Denga lotuluka lokha silikwanira kumadzulo chifukwa dzuwa limakhala litatsika, pamafunika choimirira.

Chenjerani pa chinthu chimodzi. Powerengera za lamulo, mthunzi umene umamveka ndi wa zomangidwa zokhazikika zojambulidwa pa pulani. Mtengo wa mango ungakupatseni mpumulo weniweni, koma musauwerengere kuti ukudutsitseni kukhonsolo. Bzalani ndithu, koma khonde lijambulidwe.

Nanga Low-E, galasi lakuda, ndi pepala lomata pagalasi, chabwino n'chiti?

Galasi la Low-E limakhala ndi kansalu kopyapyala kwambiri ka chitsulo, kosaoneka ndi maso, kobweza kutentha. Koma lilipo la mitundu iwiri. Lina analipangira kozizira, limalola dzuwa kulowa n'kumasunga kutentha m'kati. Lina analipangira kotentha, limabweza gawo lalikulu la kutentha kwa dzuwa koma kuwala n'kumadutsa. Mawu oti Low-E okha sakukuuzani kanthu. Funsani SHGC. Pa magalasi awiri kumalo otentha, kansaluko kamayenera kukhala kunkhope ya m'kati ya galasi lakunja, ndipo woika akalitembenuza mwataya gawo la zimene munalipira.

Galasi lakuda kapena lotuwa limamwa dzuwa m'malo molibweza. Limatentha lokha, ndipo kutentha kwinako limakutulutsira m'nyumba momwemo. Limathandizako, koma limadetsa chipinda, mpaka anthu kumayatsa magetsi masana. Loonekera ngati kalilole limabweza bwino, ngakhale aneba sangakuthokozeni likamawathobwa m'maso. Komanso musanamizidwe kuti limabisa: usiku mukayatsa getsi, wa panja amakuonani bwinobwino, inu osamuona.

Pepala lomata ndi njira yotchipa kwa amene ali ndi mawindo kale. Koma lakuda kwambiri likamatidwa pa galasi wamba, pakati pamatentha m'mphepete muli mozizira, ndipo galasi limatha kung'aluka lokha popanda woligenda.

Felemu yabwino ndi iti: chitsulo, aluminiyamu, matabwa kapena pulasitiki?

Pa nkhani ya kutentha, matabwa ndi pulasitiki ya uPVC ndiwo akatswiri, chifukwa sadutsitsa kutentha. Aluminiyamu imadutsitsa kwambiri, kuposa chitsulo katatu kapena kupitirira, pokhapokha ikhale ija yokhala ndi kapulasitiki pakati kodula njira ya kutenthako, yomwe ndi yodula. Komabe kumalo otentha felemu si nkhani yaikulu ngati galasi ndi mthunzi. Zimene zimasankhitsa kwenikweni ndi zina.

M'mbali mwa nyanja yamchere chitsulo chimachita dzimbiri msanga, ndipo dzimbiri likatupa limaswa galasi. Aluminiyamu yopakidwa bwino imapirira, bola zomangira ndi mahinji ake zikhale zachitsulo chosachita dzimbiri. Matabwa amafuna vanishi kawirikawiri, ndipo chiswe sichigona. Pulasitiki ya uPVC iyenera kukhala yopangidwira dzuwa lakuthwa la kuno, apo ayi imachita chikasu n'kuyamba kuthetheka.

Chimene anthu amaiwala ndi mipata. Windo lililonse, ngakhale lodula bwanji, likasiya mpata pakati pa felemu ndi khoma kapena ngati mphira zake zatha, mphepo yozizira ya aircon imathawira pomwepo. Mawindo opangidwa kufakitale amayesedwa motsatira muyezo wa SANS 613, woona za mphepo, madzi ndi kudontha kwa mpweya. Opangidwa pakhonde la wowotcherera sayesedwa. Izi sizikutanthauza kuti ndi oipa, koma alibe pepala loti mukasonyeze likafunidwa.

Ngati magalasi amabweretsa kutentha, bwanji ndingoika mawindo ang'onoang'ono paliponse?

Chigawo cha O sichilola. Chipinda chokhalamo anthu chimafunika malo olowetsa kuwala osachepera 10 peresenti ya pansi pake, ndi malo otseguka olowetsa mpweya osachepera 5 peresenti. Chipinda cha masikweya mita 12 ndiye kuti chimafuna galasi la 1.2, ndipo mbali yotsegula isachepere 0.6.

Amenewo ndi malire otsikitsitsa, ndipo kumalo a chitungu ngati Durban ndi ochepa. Kumene kuli chinyezi chambiri usiku sikuzizira kwenikweni, thukuta siliuma, ndipo chopulumutsa munthu ndi mphepo yodutsa pathupi. Mphepoyo imafuna polowera ndi potulukira. Mawindo awiri apakatikati oyang'anizana amaposa limodzi lalikulu la mbali imodzi. Kawindo ka pamwamba pafupi ndi siling'i kamatulutsa mpweya wotentha umene umasonkhana kumeneko. Posankha, yang'anani gawo limene limatseguka: lokankhira m'mbali limatsegula theka lokha, la mahinji limatseguka lonse ndipo limatha kukola mphepo yodutsa m'mbali mwa khoma.

Kumadera otentha koma ouma, monga Upington, nzeru yake ndi ina. Masana mumatseka zonse, usiku kukazizira mumatsegula kuti makoma azizire.

Mawindo a louvre amene tinakula nawo kwathu ali ndi vuto lanji?

Pa mpweya alibe mnzake, amatseguka pafupifupi onse ndipo mvula yaing'ono salowetsa. Vuto lake n'loti akale aja satsekeka kwenikweni. Fumbi limalowa, mphepo ya Juni imalowa, ndipo mukaika aircon ndiye kuti mukuziziritsa bwalo. Akuba nawonso amasolola magalasi ake limodzilimodzi mwakachetechete. Alipo amakono okhala ndi mphira, oyesedwa, koma mtengo wake si wa louvre amene mukuwakumbukira.

Kumbukiraninso kuti waya wa sefa wotchinga udzudzu umachepetsa mphepo yolowa, ndipo ukadzaza fumbi umachepetseratu. Kumadera a malungo, monga kumpoto chakummawa kwa Limpopo ndi Mpumalanga, simungausiye. Choncho malo otseguka akhale okulirapo, ndipo sefayo muzitsuka. Zitsulo zotchinga akuba nazo muziganizire pamodzi ndi windo, kuti zisadzalepheretse kutsegula, ndiponso chipinda chogona chikhale ndi pothawira moto ukabuka.

Galasi lotetezeka limafunika pati?

Pa zitseko zagalasi ndi magalasi oyandikana nazo, pa windo lililonse lotsika kufika pansi pa mamilimita 500 kuchokera pansi, ndi pa zotchinga za m'bafa. Malo enanso alipo, monga m'mbali mwa masitepe. Galasili lilipo la mitundu iwiri. Lowotchedwa kuti lilimbe limasweka tizidutswa ting'onoting'ono tosacheka kwambiri, koma silidulika likapangidwa, choncho muyezo ukalakwika latayika. Lomatidwa, lotchuka ndi la mamilimita 6.38, ndi magalasi awiri a mamilimita 3 okhala ndi kapulasitiki pakati. Likasweka limangokhala pomwepo, limachedwetsa wakuba, ndipo limatchinga cheza cha dzuwa chimene chimasuwitsa makatani ndi mipando. Galasi lotetezeka lenileni limakhala ndi chidindo chosafufutika pakona. Palibe chidindo, musalandire, ngakhale mmisiri alumbire.

Nyumba yanga ndi yakale, ndikungofuna kusintha mawindo. Ndikufunika pulani?

Kuchotsa windo n'kuika lina pabowo lomwelo nthawi zambiri sikufuna pulani yatsopano, ngakhale kuti malamulo a galasi lotetezeka amagwirabe ntchito. Mukayamba kukuza bowo, kuboola khoma kapena kusandutsa windo kukhala chitseko, mwakhudza mphamvu ya nyumba ndipo kukhonsolo muyenera kupitako. Nyumba ikapitirira zaka 60 imatetezedwa ndi lamulo la 1999 loona za zinthu zakale, ndipo kusintha maonekedwe ake kumafuna chilolezo chapadera. M'mafulati ndi m'makompulekisi, komiti ya eni nyumba ili ndi mawu pa chilichonse chooneka kunja, ngakhale mtundu wa penti ya felemu.

Ndi mapepala ati amene ndiyenera kutenga kwa mmisiri?

Kotesheni yolemba mtundu wa galasi, kunenepa kwake, mtundu wa felemu, U-value ndi SHGC, zogwirizana ndi zimene zili pa pulani yovomerezedwa. Ntchito ikatha, satifiketi ya magalasi yosainidwa ndi woika. Makhonsolo ambiri amaifuna asanapereke chikalata chololeza kulowa m'nyumba, ndipo popanda chikalatacho mudzavutika ndi banki, inshuwalansi, komanso tsiku logulitsa nyumbayo. Mabungwe a AAAMSA ndi SAGGA ndi amene amasonkhanitsa opanga mafelemu ndi oika magalasi, ndipo SAFIERA imaona za manambala a kutentha. Kufunsa ngati mmisiri ali membala si mwano.

Ndipo musagule mbereko mwana asanabadwe. Anthu amathamangira mawindo otsika mtengo pa selo pulani isanadutse, kenako n'kupeza kuti pulani yafuna galasi lina.

Kwa abale amene ndi amisiri: mwini nyumba akakuuzani kuti muike galasi wamba pamene pulani yanena lina, kuti apulumutse ndalama, dzina limene lidzakhale pa satifiketi ndi lanu.

Ndikutumiza ndalama kumudzi kuti andimangire. Zimenezi zikundikhudza?

SANS 10400 si lamulo la ku Malawi. Kwathu mapulani a m'tauni amadutsa kumakhonsolo a Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, ndipo mutsatire zimene akunena kumeneko. Koma masamu a dzuwa aja sasintha, kupatula chinthu chimodzi chofunika. Malawi ali pafupi ndi mzere wa pakati pa dziko lapansi kuposa Durban. Ku Lilongwe dzuwa limadutsa pamutu penipeni kawiri pachaka, chakumapeto kwa Okutobala ndi chapakati pa Febuluwale, ndipo pakati pa nthawi ziwirizi limakhala chakummwera. Choncho khoma la kummwera nalo limafuna denga lotuluka, osati la kumpoto lokha. Makolo amene ankazunguliza khonde nyumba yonse sankachitira kukongoletsa.

Zimene zikumangidwa masiku ano ndi ndalama za ku Joni nthawi zambiri ndi zosiyana: denga lobisika kuseri kwa khoma lopanda chotuluka n'chimodzi chomwe, magalasi akuda aakulu kutsogolo konse, posayang'ana kuti kutsogoloko n'kumadzulo kapena ayi. Pachithunzi cha pa WhatsApp zimaoneka bwino. Koma ku Salima kapena ku Chikwawa mu Okutobala, magetsi atathima, wogonamo ndi mayi anu. Musanatumize ndalama ya mawindo, pemphani amene akuyang'anira ntchito aime pa puloti cha m'ma 4 koloko madzulo, ajambule kumene kuli dzuwa, ndipo muone ndi chipinda chiti chimene chayang'ana kumeneko.